Maliro amene sanachitike

Dokotala wa opaleshoni amasiya chipsera pathupi la wodwala, ndipo wodwalayo akachiona posamba amakumbukira amene anamupulumutsa. Ena amabwerera kuchipatala ndi nkhuku kudzathokoza. Ife amene tinaphunzira zaumoyo wa anthu sitisiya chipsera. Ntchito yathu ikayenda bwino, mwana satsegula m'mimba ndipo mudzi sukumba manda. Maliro amene sanachitike alibe woyankhulapo. N'chifukwa chake aphunzitsi ndi ophunzira a maphunzirowa tiyenera kuwakumbukira mwadala, apo ayi mayina awo azilala ngati moto wosasonkhezera.

Ine digiri yanga yachiwiri ndinaipeza ku College of Medicine ku Blantyre, sukulu imene inatsegulidwa mu 1991 ndipo mu 2021 inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Nyumba yowerengeramo mabuku ya pasukulupo ili ndi dzina la Pulofesa John Chiphangwi, katswiri wa zauchembere, mmodzi mwa amene analimbikira kuti Malawi aziphunzitsa yekha madokotala ake. Dzina pakhoma ndi ulemu woyenera, koma khoma silifotokoza nkhani. Pamafunika munthu woti auze wophunzira watsopano kuti m'mbuyomo mwana wa Mmalawi wofuna udokotala ankayenera kupita kunja.

Alipo atsogoleri ena amene ntchito yawo inalembedwa. Pulofesa Adamson Muula aphunzitsa ambiri kutsata kafalidwe ka matenda, ndipo anakhalapo mkonzi wamkulu wa Malawi Medical Journal. Pulofesa Kamija Phiri ndi anzawo anafufuza za ana ogonekedwa m'chipatala chifukwa chochepa magazi kwambiri, amene ambiri amadwalanso kapena kumwalira miyezi yochepa atatulutsidwa. Anaonetsa kuti kuwapatsa mankhwala a malungo atabwerera kunyumba kumawateteza, ndipo mu 2022 bungwe la WHO linavomereza njirayi. Mayi wa ku Zomba amene mwana wake wakula bwino sadziwa za kafukufukuyu, ndipo sitingamudzudzule. Udindo wodziwa ndi wathu.

Koma amene ndimawakumbukira kwambiri ndi mayi wina amene ankatiphunzitsa masamu a kafukufuku. Dzina lawo silinamveke pa wailesi. Ukawauza kuti m'dera lako mwapezeka odwala 40, ankavula magalasi n'kufunsa kuti, "Bambo, 40 mwa anthu angati?" Ankabweza ntchito yako itafiira ndi inki, kenako n'kukhala nawe mpaka dzuwa kulowa. Mpaka lero sinditha kumva nambala pamsonkhano popanda kufunsa funso lawo lija, ndipo anzanga a m'maboma ena amati nawonso ndi chimodzimodzi.

M'kalasi mwathu ambiri tinali akuluakulu apantchito: anamwino, madokotala, oyang'anira zaukhondo. Tinkabwera pa minibasi kuchokera m'maboma, kuphunzira masabata angapo, n'kubwerera kuntchito. Mmodzi wa ife, woyang'anira zaukhondo m'boma lina la m'mbali mwa nyanja, anafufuza chifukwa chimene mabanja amasiyira kuthira klorini m'madzi akumwa ngakhale amulandira mwaulere. Anapeza kuti amayi amadziwa bwino ubwino wake, koma akathira wambiri madzi amanunkha, abambo amawakana, ndipo botolo limaponyedwa kuseri kwa nkhokwe. Mankhwala ake anali kuphunzitsa mlingo woyenera pamjigo pomwepo, amuna ali pompo.

Kolera itabuka ku Machinga mu Malichi 2022 n'kufalikira dziko lonse, inapha anthu oposa 1,700. Miyezi imeneyo mnzathuyu ankagona mumsasa wa odwala, masana akuyenda panjinga yamoto ndi alangizi a zaumoyo m'madoko a asodzi. Pamenepo aliyense ankafuna nambala yake ya foni. Akuluakulu anati chikumbutsa nkhwangwa n'chisanu. Mliri utatha, foni inasiya kulira.

Anamwalira patapita nthawi ndi matenda othamanga magazi. Pamaliro anayankhula amfumu, a mpingo, a kubanja ndi a kuntchito. Onse ananena zoona: anali wofatsa, wopemphera, wosamala abale. Za mijigo ndi madoko panalibe amene anatchula, pakuti palibe amene akanaloza mwana n'kunena kuti uyu ali moyo chifukwa cha malemuwa.

Titabwerako, tinagwirizana pa gulu lathu la WhatsApp kuti aliyense alembe tsamba limodzi la zimene akukumbukira za iye. Tinasonkhanitsa masambawo pamodzi ndi kafukufuku wake, n'kukapereka kwa mayi a kunyumba kwake. Mwana wawo woyamba, mtsikana wa Fomu 3, anawerenga ali chete, kenako anandifunsa kuti, "Amalume, ndiye kuti adadi anali asayansi?" Ndinamuyankha kuti inde.

Kuyambira pamenepo sitidikiranso maliro. Talemba masamba a aphunzitsi athu amene anapuma pantchito, ndipo timawapititsa pamanja akadali ndi maso owerengera. Mayi a masamu aja titawapatsa awo, anaseka, natenga cholembera n'kukonza nambala imodzi. Tayambanso kulemba za anzathu amene ali m'maboma akutali, amene sadzakwera pansanja kukalandira mphoto.

Pali chifukwa chinanso. Wachinyamata amasankha ntchito imene waiona ikulemekezedwa. Ngati amangomva za madokotala a m'mawodi, ndani adzafune kuwerenga zitsime ndi zimbudzi kolera ikadzabweranso? Mtsikana uja tsopano akufunsa maphunziro amene ayenera kukhoza bwino kuti adzachite ntchito ya bambo ake. Ndamuuza kuti alimbikire masamu.