Ufa Wopanda Dzina

Ndiyambe ndi kuulula kuti ndinaseka. Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi anandibwereka buku lotchedwa The Celtic Shaman, lolembedwa ndi John Matthews mu 1991, ndipo ndisanafike ndi pakati pomwe ndinayamba kuwerenga mokweza kuti tiseke tonse. Tangoganizani, anzanga: mzungu wa ku Britain kapena ku Ireland kugula ng'oma m'sitolo, kutsinzina, nkumati ali paulendo wopita kudziko la mizimu monga ankachitira makolo ake a mtundu wa Celt!

Kusekako kunali ndi zifukwa. Ansembe akale a anthu amenewa, otchedwa ma Druid, sanasiye cholembedwa chilichonse cha chiphunzitso chawo. Julius Caesar ndiye analemba kuti iwo ankangoloweza pamtima, ena mpaka zaka 20. Chikhristu chinafika ku Ireland m'zaka za m'ma 400, ndipo nthano zakale zimene zilipo lero anazilemba ndi amonke achikhristu patapita zaka mazanamazana. Liwu lakuti shaman ndi la anthu a Evenki a ku Siberia, pomwe njira yoyendera kumizimu mwa kugunda kwa ng'oma anaifalitsa ndi Michael Harner wa ku America m'buku lake la 1980. Tsono dzina n'lobwereka, ng'oma n'njobwereka, nthano n'za amonke. Chigamba pamwamba pa chigamba.

Ine ndinkadziona wosiyana nawo. Ndine Mlomwe wa ku Chiradzulu, ndipo kuno ku Chirunga ndimavina tchopa m'gulu la ophunzira. Ndinkadziwa kuti bungwe la UNESCO linalemba guleyu m'kaundula wake mu 2014, ndi kuti kale ankamuvina pothira nsembe nthawi ya chilala kapena mliri, ndiponso alenje akabwerako bwino ku uzimba. Mumtima ndinkati zathu ife sizinaduke.

Mu February 2024 mvula inadula, chimanga chinayamba kufota chitangomasula ngayaye. Mwezi wotsatira boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Ndinakwera basi, ndinatsika pa Namadzi, nkuyenda wapansi kufikira kwathu. Nditaona munda wa amayi masamba atapotana ngati anyezi, ndinaganiza zochita chimene ndinawerenga m'laibulale: kukathira nsembe patsinde pa mpoza umene uli m'malire a munda. M'mamawa ndinatapa ufa m'kambale. Anganga anali atakhala kale pakhonde.

"Amuna anga, ufawo ukupita kuti?"

"Kumpoza, anganga. Tikathire nsembe, kapena mvula nkubwera."

"Mukathirira yani?"

"Mizimu ya makolo."

"Makolo ake ati? Atchuleni."

Ndinatchula malemu agogo aamuna, amuna awo. Anganga anaseka mpaka kutsokomola. "Ameneyo anali mkamwini pano. Mbumba si yake, nthaka si yake. Wina?" Ndinangoti kukamwa yasa. Ine amene ndikanatha kutchula olemba mabuku khumi a za chipembedzo cha makolo, ndinalephera kutchula amayi awo a anganga.

Anandiuza kuti ndikhale pansi, natchula maina a akazi anayi, kubwerera m'mbuyo mpaka kwa amene anachoka ku Mozambique pothawa nkhanza za Apwitikizi, nadzakhala m'munda wa mzungu cha ku Magomero, kumene ankalima thangata. Anati nsembe sinali ya aliyense amene wadzuka ndi maganizo: wotsogolera anali mwini mbumba, ufa unali wosinja pamtondo osati wa kuchigayo, ndipo anthu ankayamba adika. Koposa zonse, abale okangana ankayamba ayanjana. "Amayi anu ndi amalume anu chaka chino n'chachitatu osalonjerana chifukwa cha malire a munda womwewo. Inu mukufuna kukaitana akufa pamtengo umene amoyo akulimbirana?"

Ndinawapempha kuti andiphunzitse mawu ake. Apa ndipo anandigwetsa ulesi. Iwo ndi a mpingo wa P.I.M., umene John Chilembwe anayambitsa ku Mbombwe mu 1900, ndipo nsembe anaiona komaliza pa njala ya 1949 ali kamtsikana. Mawuwo anali a Chilomwe, chimene iwo amangochidziwa apa ndi apo, pakuti makolo awo anachisiya poopa kunyozedwa ndi dzina lija la Anguru. "Nditanama kuti ndikukumbukira, mungalembe m'buku lanu, ena nkudzakhulupirira."

Usiku umenewo tulo sindinatione. Kani nafenso chingwe chinaduka! Mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, bungwe limene linayamba mu 2007, umene umachitikira ku Chonde m'boma la Mulanje, ndi ntchito yabwino yolumikiza chingwecho, koma kulumikiza n'kuvomera kuti panali poduka. Nanga ine ndi kambale kanga tinasiyana pati ndi mzungu wa ng'oma ya m'sitolo uja?

Nditabwerera kusukulu ndinawerenga za Edward Williams wa ku Wales, amene ankadzitcha Iolo Morganwg. Mu 1792 anasonkhanitsa anzake pa Primrose Hill mu London nachita mwambo umene anati ndi wa ma Druid akale. Atamwalira, akatswiri anapeza kuti zambiri mwa zolemba zimene ankati ndi zamakedzana anazipeka yekha. Komabe msonkhano wakewo, wotchedwa Gorsedd, ukuchitikabe chaka ndi chaka pa chikondwerero cha Eisteddfod, ndipo wathandiza kulemekeza olemba a chinenero chawo. Bodza lake linali bodza ndithu, koma njala imene inalibala inali yeniyeni, ndipo njala imeneyo ndikuidziwa.

Chotero sindinganenenso kuti mwambo umakhala woona chifukwa cha ukalamba wake. Mayi uja wochokera ku Mozambique anathira ufa pansi pa mtengo wachilendo, m'dziko la eni, ndipo sindikhulupirira kuti zonse anazichita ndendende monga kwawo. Anganga nawo amapemphera kutchalitchi Lamulungu, koma akalota malemu amayi awo amadzuka kukasesa pamanda. Palibe chimene chinatifika chosakhudzidwa ndi manja.

Muyeso umene ndinautola pakhonde paja ndi wina. Kodi amene ukuwaitanawo ukuwadziwa maina? Kodi alipo munthu wamoyo amene angakuuze kuti apa walakwa, iwe nkumvera? Kodi mwambowo ukukulipiritsa chiyani choposa ndalama? Ndipo kodi ukunena zoona za kumene waupeza? Mzungu amene anena poyera kuti ng'oma yake ndi yatsopano, yopangidwa ndi zidutswa, sindingamusekenso. Za mumtima mwake adziwa ndi mwini. Amene ndikumukana ndi wonena kuti chimene wasoka dzulo anachilandira kwa makolo chathunthu. Ndipo choopsa chimene ndinachiona m'buku lija, nkudzachipezanso mwa ine, n'chakuti munthu angafune mizimu yopanda achibale, yongotonthoza, yosamutuma kwa amalume ake.

Ufa uja anganga anaphikira phala la ana. Mvula inadzagwa chimanga chitapsa kale, ndipo sindikunena kuti kambale kanga kakanasintha kanthu. Ndisanabwerere ku Zomba anandituma kwa amalume ndi mawu akuti akuwafuna. Ulendo wa mphindi khumi umenewo unandilemera koposa mayeso onse a chaka. Amalume anabwera, anakhala patali, mlandu wa malire sunathe, koma analonjerana ndi amayi.

Tchopa ndimavinabe, chikatundu kumsana, koma wina akandifunsa ndimamuuza kuti ndi gule amene ndikuphunzira, osati nsembe imene ndikuthira. Maina anayi aja ndinawalemba kuchikuto cha kope langa. Anganga sakondwa nako kulembako; ati dzina la pakope limagona m'chikwama. Ndikafika kwathu, ndisanamwe ndi madzi omwe, amati, "Amuna anga, atchuleni." Pa lachitatu ndimapunthwabe.