Sukulu ya Masamu m'Cigwa ca Luangwa

Msewu wocokera ku Chipata kupita ku Mfuwe, ulendo wa makilomita oposa 100, umatsika mapiri n'kulowa m'dziko la Akunda, m'boma la Mambwe. Kumeneko nkhalango imasintha, ndipo mtengo umene umacuruka ndiwo mupani, umene ena amati tsanya.

Alendo amabwera kudzaona nyama za m'paki ya South Luangwa, imene inakhazikitsidwa mu 1972. Koma kwa mphunzitsi wa masamu, cuma ca cigwaci cayambira pa tsamba la mupani. Tsambali liri ndi mbali ziwiri zonga mapiko a gulugufe. Mwana akalipinda pakati, mbali ina imagona pa inzace ndendende. Kulingana kwa mbali kotereku ndiko kumene mabuku a sukulu amati symmetry, ndipo popindapo ndiwo mzere wace. Dzuwa likakula, mtengowo umapinda wokha masamba ace kuti usataye madzi. Ndico cifukwa cace mthunzi wa mupani uli wosakhutiritsa.

Phunziroli likupitirira m'mudzi. Cisa ca njuci ciri ndi tizipinda ta mbali 6 zolingana, ndipo cithunzi ca kacipinda kamodzi cingapindidwe m'njira 6, mbali zace n'kukumanabe. Bambo amene afuna kumanga nyumba yozungulira amakhoma cikhomo pansi, namangapo cingwe, nalemba mzere kuzungulira cikhomoco. Nchito imeneyi ndi yomweyo imene kampasi imagwira m'kope. Cozungulira cotere cimalingana paliponse pamene cipindidwa, malinga mzerewo upyole pakati.

M'mawa kopanda mphepo, maiwe amene mtsinje wa Luangwa unasiya posintha njira yace amakhala ngati kalirole. Mtengo wa m'mbali umaoneka kawiri, wina coimirira, wina cozondoka, ndipo mzere wowagawa ndi gombe.

Nyamalikiti wa mtundu wa Thornicroft, amene sapezeka kwina kulikonse kunja kwa cigwaci, amaphunzitsa ana kupenyetsetsa. Maso, makutu ndi miyendo yace n'zolingana uku ndi uku, koma mawanga a kumanja safanana ndi a kumanzere. Mwana wozindikira kusiyana kumeneku sanyengeka ndi zithunzi za pa mayeso a Giredi 7.

Masukulu ambiri a kumidzi alibe zipangizo zokwanira, ndipo makolo ena amaganiza kuti sangathandize ana ao pa masamu popeza iwo sanapite patali ndi sukulu. Komatu woluka licero ndi womanga nkhokwe amalinganiza mbali masiku onse. Afunika kungoitana mwana kuti aone, ayese ndi kuwerenga.

Cinthu cimodzi cokha ndico cidetsa nkhawa. Mupani umapsa bwino, motero otentha makala amaufuna kwambiri, pamene mtengowo umakula pang'onopang'ono. Mudzi umene utha mitengo yace udzasowa mitengo yomangira ndi maluwa a njuci, ndipo mphunzitsi adzayamba kujambula pa bolodi tsamba limene kale ana anali kutola pabwalo la sukulu.