Kukasaka makina a khofi kunsi kwa Michesi

Uthenga wa achemwali anga unafika Lachinayi madzulo pa WhatsApp: "Achimwene, mubwere Loweruka. Alamu anu aona makina a khofi ku Migowi, ndiye ndikuopa angatayepo ndalama." Alamuwo anakhala zaka zinayi ku Joni akugwira ntchito m'khitchini ya lesitilanti. Zovala zimene anabwera nazo zinang'ambika, wailesi inafa, koma chilakolako cha khofi wam'mawa chilipobe. Ine makina otere ndili nawo kunyumba ku Blantyre, n'chifukwa chake anandiitana.

Ndinakwera minibasi ku Limbe kusanache, mpando wakumbuyo, thumba la mbatata litandipana mawondo. Kondakitala anandilipiritsa K10,000 tsiku limenelo. Tinadzera msewu wa Midima, ndipo pofika pa Chitakale dzuwa linali litayamba kuwala pa minda ya tiyi, yobiriwira mofanana ngati yometedwa ndi lumo, nkhungu ya mwezi wa June ikuyandama pamwamba pake. Ambiri sadziwa kuti kuno khofi ndi amene anatsogola, tiyi anabwera pambuyo. Mbande za khofi zinafika ku mishoni ya Blantyre mu 1878 kuchokera ku Edinburgh, atazinyamula mlimi wa pamishoni, Jonathan Duncan. M'zaka za m'ma 1890 khofi ndiye anali mbewu yaikulu yogulitsa kunja, mpaka mtengo wake unajambulidwa pa chizindikiro cha boma la atsamunda. Kenako khofi wa ku Brazil anadzaza misika, mitengo inagwa, tizilombo tinalowa m'minda, ndipo eni minda anatembenukira ku tiyi, yemwe Henry Brown anayamba kudzala ku Mulanje mu 1891.

Pa Chitakale tinakhotera kumanzere, kwatsala makilomita pafupifupi 40 kuti tifike ku Phalombe. Phiri la Mulanje linali kudzanja lamanja, thanthwe la Chambe lili chilili ngati khoma. Titadutsa Likhubula kubiriwira kuja kunatha, m'malo mwake munabwera nandolo wotalika kufika m'chifuwa, mapesi ouma a chimanga ndi mitu yakuda ya mpendadzuwa. M'mapiri munkaoneka mikwasa yofiira, njira za matope ndi miyala zimene namondwe Freddy anasiya mu March 2023. Mayi amene ndinakhala naye pafupi anaziyang'ana osayankhula kanthu.

Paboma pa Phalombe ndinatsika miyendo itachita dzanzi. Phiri la Michesi lili pafupi kwambiri moti umayenera kukweza mutu kuti uone nsonga yake. Kunkamveka chigayo chikulira kuseri kwa magolosale, njinga zamoto za akabaza zikuimba mabelu, ndi fungo la mafuta a tchipisi pachiwaya. Achemwali ndi alamu anandilandira pasiteji, tinayamba talowa m'nyumba ya tiyi kuti nditenthetse m'mimba. Kapu ya tiyi wamkaka inali K800, sikono K300. Ndinafunsa ngati ali ndi khofi.

"Alipo, bambo," anatero mayi wogulitsa. Anatsitsa chitini cha Ricoffy pashelefu, anatapa supuni imodzi, n'kuthira madzi otentha. Ufa wonse unasungunuka pomwepo.

Khofi ameneyu ndi amene ambiri timamudziwa: wosungunuka, wosakaniza ndi muzu wa chicory, safuna makina alionse. Makina odontheza amafuna khofi wina, nyemba zokazinga n'kupera, amene sasungunuka koma amasiya nseche m'sefa. Ndinauza alamu kuti tisanapite kukaona makinawo, tifufuze kaye chakudya chake. Tinalowa magolosale asanu mondondozana. Munali shuga, masamba a tiyi a Chombe, mkaka waufa, timapaketi ta khofi wosungunuka titalendewera pachingwe. Woperayo sitinamupeze.

M'chikwama changa munali paketi ya magalamu 250 ya Mzuzu Coffee, khofi wa alimi ang'onoang'ono a kumapiri a kumpoto monga Misuku, Phoka ndi Viphya, imene ndinagula K13,000 m'sitolo yaikulu ku Blantyre. Kuno kummwera amalimanso khofi ku Satemwa m'boma la Thyolo. Achemwali, poti ndi mphunzitsi, anawerengera pomwepo: lita imodzi ya madzi imafuna magalamu pafupifupi 60, kapu yathu yaikulu magalamu 15, ndiye kuti paketi imodzi ndi makapu 16.

"Bambo a kunyumba, mwamva?" anatero. "Mukamamwa awiri patsiku, sabata imodzi yatha."

"Imodzi patsiku, mayi," anayankha alamu. "Lamulungu ziwiri."

Ku Migowi tinapita pa kabaza, K2,000 aliyense. Si patali, koma mphepo yozizira inandilowa m'makutu, fumbi likundithotha m'maso. Msika unali utagwira. Tinadutsa mzere wa matemba ouma a ku Chilwa, fungo lake likukutsatira mpaka kumzere wa tomato, kenako milu ya kaunjika, zitenje, zigubu, ndi mnyamata wogulitsa mankhwala a makoswe akukuwa pachimkuzamawu. Amayi ogulitsa kalongonda ankayankhulana Chilomwe, akatembenukira kwa wogula n'kusintha kukhala Chichewa.

Malo amene alamu ankanena anali kumapeto, kachipinda ka malata kodzaza mawailesi otsegula pamimba, masimbi ositira ndi maketulo opanda zivundikiro. Munkanunkha waya wopserera. Mwini wake, mnyamata wa sikuludiraiva kukhutu, anatulutsa makina awiri n'kuwaika pabenchi.

Oyamba anali akuda, onyezimira, a mabatani asanu ndi kawotchi kutsogolo. K45,000. Alamu anawasisita ngati mwana wa mbuzi. Ine ndinawatembenuza kuti ndione kunsi, pamene pamakhala kapepala ka fakitale. Panalembedwa 120V. Pulagi yake inali ya mano awiri opyapyala.

Anali a ku America.

"Tingoikapo adaputala, bigi," anatero mnyamatayo. Koma adaputala imangosintha maonekedwe a mano, mphamvu ya magetsi siisintha. Magetsi athu ndi a 230V, pafupifupi kuwirikiza kawiri. Makina amenewa ukawalumikiza pasoketi yathu amapsa nthawi yomweyo, ndipo thiransifoma yokwanira kuwateteza ndi chinthu cholemera, chodula. Mnyamatayo sanatsutse. Anawabwezera pansi pa benchi.

Achiwiri sanali okopa maso. Anali oyera kale, tsopano achikasu ngati dzino la nkhalamba, a switchi imodzi yokha. Kunsi kunalembedwa 220–240V, 900W, ndipo pulagi inali ya mano atatu ozungulira, ya ku Joni, yongodula n'kuikapo yathu. K60,000. Ndinapempha kuti atsegule kunsi tione. Anamasula timasikuluwu tinayi, tonse tinaweramira mkati.

M'katimo mulibe zambiri. Mulibe injini, mulibe pampu. Muli kapaipi ka aluminiyamu kopindika ngati uta, kogundana ndi waya wotenthetsa, ndipo polowera madzi pali kampira kakang'ono ngati njere ya nandolo kamene kamalola madzi kutsika kuchokera m'thanki koma osabwerera. Madzi akatentha m'kapaipimo, nthunzi imawakankhira m'mwamba kudzera m'kapaipi kena, amakatulukira pamwamba pa khofi, n'kumadutsa pang'onopang'ono mu ufawo ndi m'sefa mpaka kudonthera m'jagi. Waya womwewo ndi umene umatenthetsa mbale yachitsulo pamene jagi imakhala.

Achemwali anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anaomba m'manja kamodzi. "Ndiye ndi chidulo basi!"

Ananena zoona. Amayi athu ankatenga chitini chobowola kunsi, n'kuikamo phulusa, kuthira madzi pamwamba, n'kudikira kuti adonthere m'mbale, ophikira therere. Nzeru yake ndi yomweyo. Ku Ulaya sefa yapepala anaiyambitsanso ndi mayi wapakhomo: mu 1908, Melitta Bentz wa ku Dresden ku Germany, atatopa ndi nseche m'kapu, anabowola kunsi kwa kampoto ka mkuwa n'kuyalamo pepala loumitsira inki la m'kope la mwana wake. Magetsi anadzalowamo mochedwa, mu 1954, pamene makina otchedwa Wigomat anatuluka ku Germany komweko.

Pepala lija ndi limene linandidetsa nkhawa. Makina ambiri amafuna sefa yapepala, yogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya, ndipo ngati khofi wopera anasowa m'magolosale asanu, mapepalawo sakanapezeka. Mwamwayi awa anali ndi sefa yakeyake ya ukonde, yongotsuka. Ndinaiyang'anitsa padzuwa, inalibe chibowo. Jagi yagalasi ndinaigogoda ndi chikhadabo, inalira bwino, yopanda mng'alu. Ndinachenjeza achemwali kuti jagiyo ndiye moyo wa makinawo, ikasweka kupeza ina yokwana pamalopo n'kovuta. Pambali pake panalembedwa makapu 10, koma ndi timakapu ta azungu. Athu akuluakulu amakwana asanu. M'thanki munali zoyera zokakamira ngati za m'ketulo yakale. Zimenezi zimabwera ndi madzi amchere, ndipo mijigo ina ya m'chigwa muno madzi ake ndi otero. Mankhwala ake ndi viniga wosakaniza ndi madzi, kumudutsitsa m'makinamo mwezi ndi mwezi, apo ayi kapaipi kaja kamatsekeka.

Alamu anafunsa za mayunitsi. Makina a 900W akayaka mphindi 10, yuniti imodzi imakwana maulendo asanu ndi limodzi. Chimene chimadya magetsi ndi kuwasiya oyaka m'mawa wonse kuti khofi asazizire, ndipo khofi wokhalitsa pambale yotentha amawawa ngati wopserera. Kuli bwino kuthira m'fulasiki n'kuzimitsa. Sola yaing'ono yoyatsira mababu ndi kutchajira foni siingawakwanitse.

Kunatsala kuyesa. Mnyamata uja analumikiza mawaya, ine ndinatsegula paketi ndi mano n'kuthira masupuni anayi odzaza m'sefa, alamu anathira madzi. Kagetsi kofiira kanayaka. Patapita mphindi imodzi makinawo anayamba kukhosomola, khoro khoro, ngati munthu wochukucha m'kamwa, ndipo dontho loyamba lakuda linagwera m'jagi. Fungo linatuluka m'kachipindako n'kukafika kumsewu. Ana awiri anaima pakhomo. Wogulitsa zigubu anasuzumira.

Magetsi anazima.

Chigayo cha patsidya chinangoti zii. Kagetsi kofiira kanathima, madzi oposa theka adakali m'thanki, m'jagi muli pang'ono pokha pophimba pansi. Achemwali anayang'ana amuna awo, sananene kanthu, koma nkhope inanena zonse.

Pakhomo lotsatira panali agogo ena okhoma mbaula ndi ndowa, amene nthawi yonseyi ankatiyang'ana nyundo ili m'manja. Anadzuka pang'onopang'ono n'kubwera.

"Ana anga, chotengera sefacho chimachoka?"

Tinayesa. Chinachoka, ndipo chinakhala bwinobwino pakamwa pa jagi. Agogowo anati paunyamata wawo anali khukhi kunyumba ya bwana wa esiteti ina ku Thyolo, ndipo kumeneko khofi ankamusefera pa kansalu kosokera pawaya wozungulira. Anaika ketulo pa mbaula yawo. Madzi atawira anaiphula n'kuiika pansi.

"Osathira owira. Amawaula khofi. Muwerenge mpaka makumi asanu ndi limodzi."

Mabuku a akatswiri amati madzi akhale pakati pa madigiri 92 ndi 96. Agogowo analibe choyezera, koma anafika pomwepo. Anayamba n'kudontheza pang'ono pongonyowetsa ufa, ufawo unatupa n'kuchita thovu ngati thobwa, anadikira kanthawi, kenako anathira mozungulira, kamtsinje kowonda ngati chingwe cha nsapato, dzanja losanjenjemera ngakhale pang'ono. Panatha mphindi zinayi. Tinamwera m'makapu apulasitiki obwereka. Poyamba ankawawa pang'ono, kenako pakhosi panatsala kukoma ngati kwa chipatso chakupsa. Achemwali anathira shuga masupuni atatu. Alamu anatseka maso, sanathire kanthu.

Apa m'pamene tinagwirizana. Makina akuda aja, ngakhale akanakhala a magetsi athu, sefa yake inali yobisika mkati, magetsi akazima ndi chidina chabe. Achikasuwa amagwira ntchito magetsi alipo, ndipo akazima theka lake limagwirabe pambali pa mbaula. Pa khomo la ku Phalombe, ndi makomo ambiri a m'dziko muno, ameneyo ndiye muyeso woyamba, patsogolo pa mabatani ndi mawotchi. Achemwali ananenerera mpaka K50,000, kusintha pulagi kuli momwemo. Potuluka anagula theka la mita la nsalu yoyera, ndipo agogo aja anawapindira waya wozungulira osalipiritsa, kuti tsiku limene sefa idzang'ambike asadzasowe pogwira.

Ndinagona paboma. M'mawa wa Lamulungu chiperoni chinali chitaphimba Michesi mpaka m'munsi, magetsi asanabwerebe. Ndinapeza alamu pakhonde atavala jekete, jagi ili pampando, ketulo ili m'manja, milomo ikuwerenga chamumtima. Makina anga ku Blantyre akhala zaka zitatu akungokhala chete tsiku lililonse lopanda magetsi, ine n'kumamwa tiyi, osadziwa kuti chotengera sefa chake chimachokanso. Pokwera minibasi achemwali anandipatira K26,000 m'manja.

"Mapaketi awiri, achimwene. Mupatsire kondakitala mwezi ukatha."