Utsi wa pa Nyanja

Kwa zaka 33 ndinajambula nyanja ya Malaŵi pabolodi, m'sukulu za kuno kwa Kuntaja, uku ku Chileka ndi uko ku Lirangwe. Ndinkaijambula ndi choko osayang'ana m'buku, ana nayimba pambuyo panga kuti m'litali mwake ndi mamailosi 365, m'mimba mwake 52, monga masiku ndi masabata a chaka. Koma ndiulule pano, abale anga, kuti ineyo nyanjayo ndinali ndisanaiwone. Madzi aakulu amene ndinkawadziŵa anali a Shire, pa mlatho wa Zalewa.

Nditapuma pa ntchito, tindalama tanga titabwera, mayi a kunyumba anali ataŵerengera kale malata. Ine ndinati tipatuleko pang'ono tikaone nyanja. Anandiyang'ana nthaŵi yaitali, nati, "Abambo, kodi nyanja imafolera nyumba?" Komabe pamene Novembala ankayamba, ndiwo amene anatsogola kulongedza zovala.

Tinakwera minibasi pa Lirangwe, kudzera pa Balaka, Liwonde ndi Ulongwe, mpaka ku Mangochi, kumene kale kunkatchedwa Fort Johnston. Nditaona madzi ndinavula chipewa kuti ndilonjere nyanja, koma mnyamata wa kabaza anandiuza mwaulemu kuti uja unali ukadali Shire yemweyo. Pafupi ndi mlatho pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, ndiponso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya m'chaka cha 1946. Nkhani imeneyi ndinkaiphunzitsa ngati samu. Pamenepo ndipo ndinaiŵerenga ngati maliro.

Nyanja yeniyeni tinaipeza ku Monkey Bay, kudoko la Ilala, sitima imene inayamba kuyenda m'chaka cha 1951. Sindiyesa kuifotokoza. Mayi anangoti, "Kodi tsidya lake lili kuti?" nakhala pansi pamchenga. Tinagona m'nyumba ya alendo yotsika mtengo, m'mene fungo la usipa woyanika pamathandala linkaloŵa ndi pazenera pomwe.

M'maŵa mwake tinapita ku Chembe, kumene Azungu amati Cape Maclear. Kumeneko ndiko kunafikira amishoni a Livingstonia m'chaka cha 1875, pamodzi ndi Dr Robert Laws. Henry Henderson, amene chaka chotsatira anasankha malo a mishoni yathu ya Blantyre, anabwera ndi gulu lomwelo. Malungo anawasautsa, kotero kuti pamene ankasamukira ku Bandawe m'chaka cha 1881 anasiya manda asanu ndi Mkhristu wobatizidwa mmodzi yekha, Albert Namalambe. Nditaima pamandapo, m'malo modzichepetsa, mtima wanga unayamba kuŵerenga zokolola zanga: anamwino angati, aphunzitsi angati, abusa aŵiri, onse odzera m'manja mwanga. Ndinachokapo phewa lili m'mwamba, mkulu wa mpingo wathunthu.

Za Golomoti, Chipoka ndi Salima sindinena zambiri, poti tinadutsamo dzuŵa likuswa mtengo, ife tili opanikizana ndi madengu a nsomba. Pa Chia anyamata anathamangira galimoto atanyamula chambo m'mwamba, koma mtengo wake unatibweza manja. Akuluakulu a kumeneko amadandaula kuti chambo chachepa kusiyana ndi kale.

Ku Nkhotakota tinakhalako masiku atatu. Tinaona mkuyu umene amati David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe, wamalonda a akapolo uja, ndi tchalitchi cha All Saints kumene kuli manda a Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanjayi m'chaka cha 1895. Tinadyanso kondoole, ngakhale kuti mimba yozoloŵera mgaiwa inavutika naye.

Tsiku lachitatu m'mamaŵa ndinatsikira kugombe ndekha. Kutali pakati pa madzi ndinaona utsi wakuda ukukwera ngati nsanamira, kenaka wina pambali pake. Ndinathamangira nkhalamba ina imene inkasoka ukonde, ndikufuula kuti sitima ikupsa. Iyo sinadzuke n'komwe. Inati, "Khazikani mtima pansi, bambo. Imeneyo ndi nkhungu."

Inandifotokozera kuti ndi tintchentche ting'onoting'ono tosaluma, timene timakulira pansi pa madzi akuya, n'kutuluka tonse pamodzi makamaka mwezi ukakhala watsopano. Mphepo ikatikankhira kumtunda, amayi amatikola popukusa madengu onyoŵa m'mwamba, natiumba timibulu, natiyanika, n'kukhala ndiwo.

Nkhalambayo inkalankhulabe, koma ine ndinali nditabwerera m'kalasi ya Sitandade 5, m'chaka changa chachinayi cha uphunzitsi. M'kalasimo munali mnyamata wochokera ku Nkhotakota komweku, amene ankakhala ndi amalume ake pafupi ndi Lirangwe. Tsiku lina, nditatha kujambula nyanja yanga ija, anakweza dzanja nati kwao nyanja imafuka utsi, ndipo utsiwo amadya. Ana onse anaseka. Ine ndinatsegula buku, osapezamo utsi. Ndinamuitana kutsogolo, ndinamuuza kuti bodza ndi tchimo, ndinamukwapula zikoti zinayi. Sanalire. Anangoti, "Aphunzitsi, ndinaona ndi maso anga." Chifukwa cha mau amenewo ndinawonjeza chachisanu. Kuyambira tsiku lomwelo anzake ankamutcha "Wodya Utsi", ndipo sanakwezenso dzanja m'kalasi mwanga. Chaka chisanathe anabwerera kwao.

Pa manda a ku Chembe paja, poŵerenga zokolola zanga, mwana ameneyu sindinamuŵerenge. Ndinali nditamuiŵala zaka pafupifupi 30. Choŵaŵa china n'chakuti Livingstone yemwe, amene mbiri yake ndinkaiphunzitsa chaka ndi chaka, analemba za nkhungu atafika ku nyanjayi m'chaka cha 1861. Mwanayo ankadziŵa chimene mphunzitsi wake akadachipeza akadafunsa.

Ndinauza mayi a kunyumba zonsezi. Sananditonthoze, pakuti si khalidwe lawo kupaka mafuta pa chilonda chisanatsukidwe. Anati, "Dzina lake mukulikumbukira? Tiyeni tikamufunse." Tinayenda tsiku lonse, kumsika, kudoko, ndi kwa akulu a mpingo wa kumeneko. Dzina loyamba ndinkalidziŵa, koma la bambo wake linali litandithaŵa, ndipo a dzina loterolo ku Nkhotakota ndi ambiri. Wina anati mwina ndi uja anapita ku Joni, wina anati mwina ndi msodzi wina wa ku Dwangwa. Ndinasiya kalata kwa mkulu wa mpingo mnzanga, m'mene ndinalembamo chaka, kalasi ndi mau opepesa, kuti akamva za munthu amene anaphunzirako ku Lirangwe ali mwana, amupatse.

Madzulo mayi wina wa pamsika anatigulitsa kambulu kamodzi ka nkhungu. Kanali kakuda, kouma, konunkhira ngati nsomba. Mayi a kunyumba anakana kulaŵa. Ine ndinadya konse.

Malata tinagula ochepa, okwanira chipinda chimodzi. Yankho la kalata ija silinafike, koma nambala ya foni imene ndinalembamo sindinaisinthe.