Munthu Wopanda Mtembo Sanafe

Ine ndine mwana wa m'cigwa ca Luangwa. Ndinabadwa m'caka ca 1989 m'mudzi wina wa m'dziko la Mfumu Msoro, m'mbali mwa mtsinje wa Lupande, umene m'dzinja umasefukira ndi kutitsekera njira, koma m'cilimwe umasanduka mcenga wokhawokha, akazi nakumba zitsime m'kati mwace. Ndinaphunzira pa sukulu za misyoni, ndipo lero ndigwira nchito ya ukalaliki pa Boma la Mambwe. Nkhani imene ndifuna kukusimbirani, anzanga amene mwatsiriza sukulu, ndi ya kanema wina wa Azungu, ndi ya funso limene ambuya anga anafunsa ataona kanemayo. Funsolo ndinaliseka pa tsiku lija, koma pambuyo pace linandicititsa manyazi.

Amalume anga anali woperekera zakudya pa kampu ina ya alendo pafupi ndi South Luangwa National Park. Alendo ocokera kutsidya la nyanja, akatha kuona njobvu ndi mikango, kawirikawiri amasiya mabuku ao m'zipinda kuti katundu awapepukire, ndipo amalume anali kutola mabukuwo nanditumizira. Motero m'caka ca 2003 ndinalandira buku lina lothothoka masamba, lonena za mnyamata wamasiye dzina lace Harry Potter. Linali lacitatu mwa mabuku 7 amene mai wina wa ku Britain, J. K. Rowling, analemba, ndipo anayamba kuturuka m'caka ca 1997. Ndinayambira nkhani pakati monga munthu wofika mocedwa pa bwalo la mlandu, koma sindinathe kulisiya. Ndinaliwerenga usiku ndi koloboyi, buku lomasulira mau liri pambali, kufikira maso atawawa ndi utsi.

Amai ataona cithunzi ca pacikuto, ca ana awiri okwera pa cirombo couluka, anakhala cete kanthawi, nati, "Mwananga, kodi si za ufiti izi?" Funso lao linali lomveka, pakuti kwathu kuno kuuluka usiku si nkhani yoseka nayo. Ndinawafotokozera kuti ana a m'bukumo sadya anthu kapena kufukula manda. Ali ngati anthu a m'nthano zathu amene amalankhula ndi mbalame, ndipo amapita ku sukulu, nalemba mayeso, nalangidwa akalakwa monga ife. Koma patapita zaka, nditawerenga mabuku enawo, ndinabvomera kuti m'nkhanimo muli mmodzi amene ife tingamutche mfiti yeniyeni. Iyeyo ndiye Voldemort, amene anaopa imfa kwambiri kotero kuti anagawa moyo wace naubisa m'zinthu zosiyanasiyana, monga buku, mphete, cikho ndi njoka, ndipo kuti acite cimeneci anayenera kupha munthu nthawi iri yonse. Amai anati, "Ameneyo ndiye wokhwima." Ndipo pomva kuti anthu a m'dziko lace anaopa ngakhale kutchula dzina lace, anagwedeza mutu, pakuti khalidwe limenelo analidziwa bwino.

Buku lotsiriza linaturuka m'mwezi wa Julaye 2007, koma linafika m'manja mwanga patapita zaka ziwiri. Linali la masamba 607, ndipo ndinalimaliza m'masiku anai. M'zaka zomwezo anthu a kanema anali kusandutsa mabukuwo kukhala zithunzi zoyenda. Anayamba m'caka ca 2001, ndipo buku lotsiriza analigawa pawiri, kotero kuti makanema onse anakwana 8. Wotsiriza weniweni, wotsogozedwa ndi David Yates, anaonetsedwa m'mwezi wa Julaye 2011. Ndiye wamfupi mwa onse, wa mphindi 130, koma analowetsa ndalama zoposa madola 1,300 miliyoni pa dziko lonse lapansi. Daniel Radcliffe, amene anasewera ngati Harry, anabadwa caka cimodzi ndi ine, ndipo poona nkhope yace irikukhwima caka ndi caka ndinali kumuyesa mnzanga wokulira naye pamodzi.

Ku Lupande kulibe nyumba ya kanema. Cifukwa cace m'mwezi wa Okutobala 2012, nditangoyamba nchito, ndinagula cimbale ca kanemayo ku Chipata, ndinabwereka kompyuta ya mnzanga wa mu ofesi, ndipo ndinapita nazo kumudzi. Unali mwezi wa kutentha kwakukuru, pamene ngakhale usiku munthu sakhumba kulowa m'nyumba. Tinaika kompyuta pa mtondo wobvundikira patsinde pa mtengo wa mango, ana nakhala pansi kutsogolo, akulu pa mphasa kumbuyo. Ine ndinakhala womasulira. Pakati pa akuluwo panali ambuya anga, amai ao a amai, amene sanapite ku sukulu, koma anali katswiri wa nthano m'mudzi monse. Iwo analankhula Cikunda. Mau ao ndawalemba pano m'Cinyanja.

Poyamba ambuya sanakondwe. Anati kuli mdima wambiri ndi phokoso, ndipo anthu angothamangathamanga ngati nyerere zoponderezedwa. Koma inafika nthawi imene Harry anazindikira kuti cidutswa ca moyo wa mdani wace ciri mwa iye mwini, ndi kuti mdaniyo sangafe pokhapokha iye atadzipereka kuphedwa. Mnyamatayo analowa yekha m'nkhalango usiku, ndipo amai ace, atate ace ndi abwenzi awiri a atate ace, onsewo akufa kale, anaonekera namlimbitsa mtima. Apa ambuya anasendera pafupi. Anati, "Iyi tsono ndi nthano. Mwana sapita ku zoopsa yekha. A kwao amamperekeza." Pambuyo pace mkazi wina wa gulu la adani anatumidwa kukaona ngati Harry wafadi, ndipo pomva kuti mwana wace wa iye mwini ali moyo, ananama kwa mbuye wace kuti mnyamatayo wafa. Ambuya anaomba m'manja nati, "Mimba ndi imodzi, kaya kuno kaya ku Ulaya."

Tsono inafika nkhondo yomariza. Harry ndi Voldemort anagwirana, nagwa kucokera pamwamba pa nyumba, nauluka ngati utsi, nagwera pabwalo pamene panalibe anthu. Ndodo zao zinalabvula moto, ndipo pomariza thupi la Voldemort linayamba kunyenyeka ngati pepala lopserera, mphepo niliulutsa, osatsala kanthu. Ana anapfuula ndi cimwemwe. Ine ndinatembenuka kuyang'ana ambuya, kuyembekeza kuti ayamikira, koma iwo anali atakwinya nkhope.

"Amuna anga," anatero, pakuti ndimo anali kunditchulira mwa nthabwala za ambuya ndi mdzukulu, "nanga mtembo wace uli kuti?"

Ndinati, "Wasanduka phulusa, ambuya. Wafa basi."

Iwo anati, "Anamuona ndani? Anamsambitsa ndani? Anamuika kuti? Munthu wopanda mtembo sanafe. Mawa lino mbuzi ikagwidwa ndi fisi, adzati ndi yemwe uja wabwera."

Tonse tinaseka, ndipo ine ndinati mumtima, nkhalamba siidziwa kanema. Koma pogona ndinatenga buku lija ndi kuwerenganso masamba omariza, ndipo ndinapeza kuti wolemba anagwirizana ndi ambuya, osati ndi ine. M'buku nkhondo yomariza icitikira m'cipinda cacikuru codyeramo ana a sukulu, pamaso pa khamu la anthu, dzuwa lirikuturuka. Harry amuitana mdani wace ndi dzina lace lobadwa nalo, la Tom Riddle, namuuza poyera zolakwa zace, nampatsa danga lakuti alape. Temberero limene Voldemort aponya libwerera kwa mwini wace, ndipo agwa cagada monga agwera munthu ali yense. Mtembo wace ukhala pomwepo, onse nauona, ndipo pambuyo pace aunyamula nakauika m'kacipinda kena, padera ndi mitembo ya anthu oposa 50 amene anafa polimbana naye. Iye amene dziko lonse linaopa kumtchula anapezeka kuti ndi nkhalamba ya zaka 71, imene inakulira m'nyumba ya ana amasiye ku London.

Pamenepo ndinazindikira kuti anthu a kanema, pofuna kukondweretsa maso, anataya mutu wa nkhani yonse. Mabuku 7 anali kutiphunzitsa pang'onopang'ono kuti woopsayo ndi munthu cabe, ndi kuti mphamvu yace yambiri inali m'mantha a anthu omwe. Kanema anampatsa imfa ya mzimu, imene iye mwini akadaikonda. Buku linampatsa imfa ya munthu wamba, imene anaithawa moyo wace wonse. Sindinena kuti kanemayo ndi woipa. Osewera ace anacita bwino ndithu, makamaka Alan Rickman, amene anamwalira m'caka ca 2016, ndipo ndabwereza kumuona kangapo. Koma pa mfundo imeneyi analakwa, ndipo anamgwira kulakwa ndi mai wokalamba wosadziwa liu limodzi la Cingerezi.

Mwina mudzati, "Kodi kalaliki wa Boma abvutikiranji ndi imfa ya munthu wa m'nthano?" Imvani cimene cinandigwera. Patapita zaka zinai, ku ofesi kwathu kunafika mkulu wina wocokera ku mudzi wa kutali, atabvala jekete long'ambika, ndi kalata m'manja. Caka cimeneco njobvu zinadya cimanga ca anansi ace ndi kulambalala munda wace, ndipo mwezi womwewo mwana wina m'mudzimo anafa ndi malungo. Anthu anayamba kunong'ona kuti njobvuzo azituma ndiye, ena nati iye mwini amasanduka njobvu usiku. Analeka kumtchula dzina, nangoti "uja wa kumapeto." Ana analetsedwa kudutsa pakhomo pace, ndipo pomariza nyumba yace inagwetsedwa. Ine ndinadziwa bwino lomwe kuti dziko lathu liri ndi lamulo, lokhazikitsidwa m'caka ca 1914, loletsa kutchula munthu mfiti. Ndinalemba dandaulo lace m'kaundula monga mwa nchito yanga, ndi kumlozera kumene anayenera kupita. Koma mbiri yace inali itafika kale m'makutu mwanga, ndipo pamene anatambasula dzanja kuti atsazike, ine ndinakhala ngati ndirikufunafuna pepala. Colembera cimene anagwira ndinacitaya m'dengu la zinyalala. Ine wa sukulu ya misyoni, wowerenga mabuku a masamba mazanamazana, ndinaopa nkhalamba yanjala.

Mkuluyo anakakhala kwa mwana wace wamkazi, mudzi woyandikana ndi wathu, ndipo asanathe miyezi isanu ndi umodzi anamwalira ndi cifuwa. Ndinali pa chuti, ndipo ambuya anandiuza kuti tipite ku maliro. Ndinayesa kuzemba, koma anati, "Ukapite ukamuone ndi maso ako." Amuna anali ocepa, motero ndinathandiza kunyamula. Anzanga, sindinanyamulepo munthu wamkulu wopepuka cotero; anali ngati mtolo wa udzu wouma. Mapazi ace anali ong'aluka ndi kulima, monga a atate anga. Mnyamata wina wa ku mudzi umene unampitikitsa anasuzumira nati capansipansi, "Kodi ndi yemweyu?" Palibe anamyankha.

Ndidziwa kuti anthu awiriwa sali ofanana. Wa m'buku anali wakupha weniweni. Wa ku Lupande sanalakwire munthu. Koma mantha anawacitira cinthu cimodzi: anawacotsa dzina, nawakuza kuposa msinkhu wa munthu. Ndipo cimene cinawabwezera pa msinkhu wao ndi cimodzinso, ndico mtembo woonedwa ndi anthu onse masana. Kwa woipa, mtembo umathetsa mantha. Kwa wosalakwa, umabala manyazi mwa otsala. Makolo athu sanali opusa pamene anakhazikitsa mwambo wakuti mudzi wonse ufike pa maliro, uone nkhope, nuponye dothi. Cisoni canga ndi cakuti ndinadikira mtembo, pamene dzanja lamoyo linatambasulidwa kwa ine pa tebulo la ofesi.

Ambuya anatisiya m'caka ca 2019. M'caka ca 2023 eni ace a makanema aja analengeza kuti nkhani yonse idzaseweredwanso kucokera paciyambi, ndi ana ena, kuti ionetsedwe pa wailesi ya kanema. Cimeneci sicinandidabwitse, pakuti nthano ya Kalulu imasimbidwa ndi pakamwa pambiri, wina aonjeza, wina acotsa, ndipo wotsiriza kusimba sanabadwe. Cokhumba canga ncakuti osimba atsopanowo akafika pa mapeto adzasiye mtembo pansi.

Tsono kwa inu amene mwaturuka m'sukulu ndiri ndi mau awiri. Oyamba ndi akuti musaleke kuwerenga cifukwa mayeso atha. Kanema muoneni, pakuti ndi wokoma, koma dziwani kuti ndi kusimba kwa munthu mmodzi, amene asankha zokondweretsa maso ndi kusiya zina. Mukafuna nkhani yathunthu, funani buku, ndipo mukatha mufanizire ziwirizi monga acitira woweruza ndi mboni ziwiri. Aciwiri ndi akuti mukabwerera kumudzi ndi maphunziro anu, musayese kuti mbuli ndi okhala pa mphasa kumbuyo. Ine ndinali ndi buku, ndi Cingerezi, ndi kompyuta yobwereka, koma woona colakwa anali ambuya. Akulu anati mau a akuluakulu akoma akagonera. Kwa ine anagonera zaka zinai, ndipo munthu wina anaturuka mu ofesi yanga wopanda womgwira canza.