Minda ya Kutsidya kwa Kigamboni

Loweruka masana, akaweruka ku doko la Dar es Salaam kumene ankaombola magalimoto a Amalawi, mkuluyu ankakolekera kamera yake yakale m'khosi ndi kukwera pantoni yowolokera ku Kigamboni. Sankajambulira ndalama. Ankangotsata tinjira tamchenga tolowera ku Kimbiji, kusakasaka minda ya chinangwa, mitengo ya mango ndi nyumba zofolera, kudikira kuti dzuwa lipendeke.

Chimene sankaulula n'chakuti asanajambule ankayamba wasendera pambali mpaka mitengo ya kokonati itatuluka m'chithunzi. Zikatero, malowo ankangofanana ndi kwawo ku Nkhotakota. Mayi ake atalandira zithunzizo anazipenya nthawi yaitali, nafunsa kuti, "Kodi mwanawe, kumeneko kulibe anthu?" Anasowa choyankha, pakuti alimi nawonso ankawasiya kunja; mpango wawo ndi kagwiridwe ka khasu zikanaulula kuti kuno n'kwa eni.

Mu 2016 boma linatsegula mlatho wa Nyerere, ndipo malo anakwera mtengo. Minda ija inadulidwa mapuloti, pamene panali chinangwa pakaima mipanda ya njerwa. Tsiku lina anabwerera komweko ndi zithunzi zake. Gogo wina anazindikira munda umene anagulitsa, napempha kuti amusiyire chithunzicho. Anachitembenuzira uku ndi uku, kenaka anafunsa m'Chiswahili kumene kunapita mtengo wa kokonati umene malemu amuna awo anadzala pamalire.