Nsomba Zolusa za M'damu la Inanda

Kumpoto chakumadzulo kwa mzinda wa Durban, m'dera la zitunda ndi zigwa lotchedwa Valley of a Thousand Hills, kuli damu la Inanda. Analimanga pamtsinje wa uMngeni ndipo linatha mu 1989. Madzi ake amamwedwa mumzinda, ndipo chaka ndi chaka opalasa ngalawa pampikisano wa Dusi amadutsapo kuchokera ku Pietermaritzburg. Koma chimene chimakopa alendo ambiri kumeneko ndi kuwedza nsomba yotchedwa bass.

Bass ndi nsomba ya kamwa lalikulu imene imadya nsomba zinzake. Kwawo ndi ku North America, ndipo inabweretsedwa ku South Africa mu 1928 kuti anthu aziwedza mongosangalala. Ku Inanda imakhala limodzi ndi milamba ndiponso makakana, mtundu wa chambo wodziwika bwino m'chigwa cha Shire.

Kodi mdani wotereyu amakhudza bwanji kakulidwe ka makakana? Nsombazi zimaswana kwambiri. Popanda chozidya zimathithikana, chakudya chimachepa, ndipo zimapinimbira n'kuyamba kuswana zikadali zazing'ono. Koma nsomba yolusa ikamapatulira anawo, otsala amapeza chakudya chokwanira ndipo amakula mpaka kufika msinkhu woti sangamezedwenso. N'chifukwa chake alimi ena amaika milamba yowerengeka m'maiwe a chambo. Komabe ana amene amabindikira m'maudzu a m'mphepete poopa kudyedwa amadya mopereŵera, choncho amakula pang'onopang'ono.

Tsoka lili kwa nsomba zimene mwachibadwa sizikula, monga matemba, chifukwa zimalowa m'kamwa mwa bass moyo wawo wonse. M'mitsinje ina ya South Africa nsomba zoterezi zinachepa kwambiri bass itafika, ndipo mu 2014 boma linaiika pamndandanda wa zamoyo zachilendo zowononga. Zofananazo zinachitika m'nyanja ya Victoria, kumene nsomba ya Nile perch, yoikidwamo m'ma 1950, inathandiza kutha kwa mitundu yambirimbiri ya nsomba zakomweko.

Nyanja ya Malawi ili ndi zolusa zakezake, ncheni ndi kampango, zimene zakhala pamodzi ndi usipa ndi utaka kuyambira kalekale popanda kuzimaliza. Nsomba zazing'onozo zinazolowera adani amenewa. Mdani wachilendo siziudziwa, ndipo akangolowa m'nyanja yaikulu chotere palibe khoka limene lingamutulutsemo.